Ndodo Imene Idadikira Woiperekeza

Kalekale, njira zonse zikadali zopondedwa ndi mapazi okha, kamtsikana kena kadafunsa bambo ake funso.

"Ababa, agogo njira yakwawo akuidziwa. Nanga ife timawaperekezeranji?"

Kamtsikanako dzina lake kadali Ndaziona. Mano akutsogolo adali atangoguluka kumene, ndiye mawu ake ankatuluka ndi kamphepo. Bambo akewo adali Malizani, mnyamata wosoka mphasa, amene ankakhala pachikamwini m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri. Funsolo lidawapeza panjira, akubwerera kunyumba. Adali atangoperekeza a Dzimbiri, bambo ake a Malizani, nkhalamba yosema mipini ya makasu, imene inkakhala yokha kutsidya kwa mtsinje chimwalirire akazi awo.

Malizani adakanda m'mutu.

"Ndi mwambo, mwana wanga."

"Mwambo wa chiyani?"

"Wa ulemu."

"Ulemuwo umathandiza chiyani? Miyendo agogo ali nayo. Ndodo ali nayo. Ife tapita chimanjamanja, tabwerako chimanjamanja. Ine ndatolako minga yokha."

Malizani adaseka. Adagwada, nazula kamunga kuphazi kwa mwanayo, nauzirapo mpweya, namukweza pamapewa.

"Ndikuyankha mawa," adatero.

Mawa lidafika. Mkuja udafika. Yankho silidafike.

Tsono mvetsetsani, ana inu, mmene njirayo idaliri. Ukachoka pabwalo pa Malizani, unkadutsa m'minda mpaka pamsuku waukulu. Ukachoka pamsuku, unkatsikira kumtsinje, pamene padali ulalo wa mtengo umodzi wogonekedwa pamadzi. Ukawoloka, unkakwera mpaka pamphambano. Njira yakumanja inkapita kwa a Dzimbiri. Yakumanzere inkalowa m'thengo, kumene alenje ankakumba mbuna, maenje akuya ovundikira ndi masamba, ogwetseramo nyama.

Masiku onse Malizani ankaperekeza bambo ake mpaka pamphambano, atawanyamulira thumba lawo lachikopa. Pamenepo ankaima kanthawi, nkhalamba ikulembalemba pansi ndi ndodo, akukamba izi ndi izi. Kenako ankasiyana.

Koma funso la mwana lidamulowa Malizani ngati kachitsotso m'diso. Akakhala pansi kung'amba bango, lidali pomwepo. Akamasoka, lidali pomwepo.

"Komadi," ankatero mumtima. "Kupita ndi kubwera, dzuwa lapendeka. Nthawi imeneyo ndikadasoka theka la mphasa. Ndine mkamwini ine. Eni mudzi amayang'ana manja anga, sayang'ana maulendo anga."

Mwezi udatha. Tsiku lina m'mawa kudamveka go, go, go, ndodo ikugunda pansi.

"Odi kuno!"

"Odini! Fikani, ababa!"

Malizani adayala mphasa yatsopano pamthunzi. Mkazi wake Nachisale adagwada chapatali, monga achitira munthu kwa apongozi ake, nawomba m'manja.

"Kumene mwachokera kuli bwanji, bambo?"

"Kuli bwino, mayi. Kuli bwino ndithu."

Kenako nkhalamba idatembenuza mutu uku ndi uku. "Nanga akazi anga aang'ono ali kuti? Ndamva kuti mano adabwereketsa mbewa."

"Ndili pano, agogo! Ndipo ine sindikwatiwa ndi munthu wa dazi!"

"Hii! Wopanda mano akunyoza wopanda tsitsi! Ukwati wathu ndi wolingana, mayi."

Onse adaseka. Nkhuku idaphedwa. Thobwa lidabwera m'chipanda. Pa ulemu wa pabwalo, Malizani sadaphonye kanthu ngakhale kamodzi.

A Dzimbiri adatulutsa mpini m'thumba, mphatso ya mwana wawo. Malizani adaulandira ndi manja awiri. Udali ndi mabampu, mpini umenewo, ndipo udali wokhota pang'ono. Chala chachikulu cha nkhalamba chidali chomangidwa ndi kansanza.

"Chala chatani, ababa?"

"Aa, kasemasema wangondipatsa moni. Tidakhala limodzi zaka zambiri, wayamba chipongwe."

Dzuwa litapendeka, a Dzimbiri adagwira ndodo.

"Ndapita ine."

Malizani adanyamula thumba, natsogola. Ankayenda mwandawala, akukamba za bango, za luzi, za mphasa zitatu zimene sadamalize. Atafika pamsuku adaima, napereka thumba.

"Ndibwerere pano, ababa. Bango ndalinyika m'madzi, lingavunde."

Nkhalamba idalandira thumba. Idalembalemba pansi ndi ndodo.

"Malizani, pali kanthu."

"Nenani, ababa."

Pakamwa padati nenani, koma phazi limodzi lidali litaloza kale kunyumba. Nkhalamba idamva phazilo likukhwekhwereza masamba.

"Iyayi, si kanthu. Ndidzanena ulendo wina. Kasamale bango."

Go, go, go, idapita.

Malizani adamaliza theka la mphasa tsiku limenelo. "Waona?" adadziuza. "Palibe chaipa."

Miyezi iwiri idatha. Chimanga chidayamba kufika m'chiuno. Go, go, go.

"Odi kuno!"

"Odini! Fikani, ababa!"

Mphasa idayalidwa. Nachisale adagwada, nawomba m'manja.

"Kumene mwachokera kuli bwanji, bambo?"

"Kuli bwino, mayi. Kuli bwino ndithu."

Ulendo uno mpini padalibe. Lamba wa nkhalamba adali atabooledwa bowo lina latsopano. Nkhuku itafika, a Dzimbiri adadya mnofu, adadya khungu, adaphwanya mafupa, napsipa mafuta ake.

"Agogo, galu wathu mwamusiyira chiyani?" adafunsa Ndaziona.

"Ndamusiyira moni. Mukamuuze kuti ndinafika."

Onse adaseka. Nachisale yekha ndiye adaseka pang'ono, maso ali palamba uja.

Dzuwa litapendeka: "Ndapita ine."

Malizani adadzuka, nawanyamulira thumba masitepe khumi, mpaka pakhola la mbuzi pamene bwalo linkathera.

"Muyende bwino, ababa. Mupereke moni kwa onse."

Nkhalamba idaima pakholapo kanthawi, ngati munthu amene waiwala chinthu. Kenako go, go, go, idapita.

Tsiku limenelo Malizani adamaliza mphasa yathunthu.

Ulendo wachitatu udadza masika ali pafupi. Go... go... go. Ndodo inkagunda pang'onopang'ono, ikufufuza uku ndi uku.

"Odi kuno!"

"Odini! Fikani, ababa!"

A Dzimbiri adalowa pabwalo. Pafupi ndi nkhokwe padali mtondo, utafundidwa ndi chitenje chimene Nachisale adayanika. Nkhalamba idaima patsogolo pa mtondowo, niwerama, niwomba m'manja.

"Muli bwanji, mayi? Ana ali bwanji?"

Ndaziona adagwa nako kuseka. "Agogo! Umenewo ndi mtondo! Amayi ali uku!"

Nkhalamba idatembenukira kumene kudachokera mawuwo. Kenako idaseka koposa onse.

"Ndikudziwa! Mtondo umenewu ndidasema ndine. Ndi mwana wanga woyamba, mkulu wake wa bambo akowa. Ndisamulonjere?"

Malizani adaseka, singano yake yaitali ili m'manja. Tsiku limenelo adali ndi mphasa ya amalume ake a Nachisale, mwini mbumba, amene adawapatsa munda. Ankafuna kuti ikhale yosalala ngati madzi, ndipo ithe dzuwa lisanalowe. Adacheza ndi bambo ake maso ali pabango.

"Kumudzi kuli bwanji, ababa?"

"Kuli bwino. Kuli bwino ndithu."

Dzuwa lidapendeka. Nkhalamba idadzuka.

"Ndapita ine."

"Muyende bwino, ababa."

Go, go, go, mpaka pakhola la mbuzi. Pamenepo idaima njo.

"Ndati ndapita, Malizani."

"Eya, ababa. Mufike bwino."

Nachisale adasendera kwa mwamuna wake, nanong'ona. "Bambo ake a Ndaziona, bambo anu aima paja. Akudikira."

"Njira akuidziwa," adatero Malizani, osadzutsa mutu.

Kachitatu, mawu adachokera pakhola paja, otsika, ngati munthu akudzilankhulira yekha.

"Basi. Ndapitadi."

Mphasa ya amalume idatha dzuwa lisanalowe. Idali yosalala ngati madzi.

Kutacha, mame asanakamuke, Malizani akusukusula, adamva go, go, go.

"Odi kuno!"

Mawuwo adali ngati a bambo ake, koma ouma, opanda mpweya. Adatembenuka. Pakati pa bwalo padali ndodo. Ndodo yokha, ili chilili, popanda dzanja loigwira! Idali ndodo yakuda ya mphingo, mutu wake wonyezimira chifukwa cha chikhato cha mwini wake. Kumunsi kwake kudali dothi lofiira.

Chikho chidagwa m'manja mwa Malizani.

"Mayo! Ndodo ya bambo! Iwe, bambo ali kuti?"

"Ndati odi," idatero ndodo.

"Ali kuti bambo? Nena!"

"Kodi pamudzi pano mlendo amamufunsa ali chiimire?"

Malizani adafuna kuigwira kuti aigwedeze, koma Nachisale adamugwira mkono. Kenako mayiyo adathamanga, natenga mphasa ya amalume ija, naiyala.

"Odini," adatero. "Khalani apa."

Ndodo idagona pamphasa. Nachisale adagwada, nawomba m'manja. Ndaziona adabisala kumbuyo kwa amake, diso limodzi lili kunja.

"Kumene mwachokera kuli bwanji?"

"Kuli bwino, mayi. Kuli bwino ndithu."

"Bodza!" adakuwa Malizani. "Kungakhale bwino bwanji ndodo ikuyenda yokha?"

"Pabwalo yankho ndi lomweli," idatero ndodo. "Kodi mudamvapo lina?"

Malizani adafufuza m'mutu mwake. Alendo onse amene adakhalapo pamphasa zake, odwala, anjala, ofedwa, onse poyamba ankati kuli bwino.

Ndodo idadzuka.

"Ndacheza. Ndapita ine."

Go, go, go, mpaka pakhola la mbuzi. Pamenepo idaima njo, pamalo pomwe paja, pamene mapazi a nkhalamba adali akuonekabe m'fumbi. Mapaziwo adali atapondaponda malo amodzi, monga achitira munthu amene waima nthawi yaitali.

Malizani adawaona mapaziwo.

"Nachisale, ndipatse chingwe. Chachitali chija."

Nachisale adamupatsa chingwe cha luzi, ndi chipanda cha thobwa, ndi mbatata ziwiri zootcha. Ndaziona adagwira chala cha bambo ake, osachisiya.

"Ndipita nawo. Agogo ndi amuna anga."

Nthawi yokangana padalibe. Malizani adamukweza pamapewa.

Ndodo idayamba ulendo, ikuimba:

Go, go, go!
Pabwalo kuli bwino,
Panjira pali mawu,
Go, go, go!

Koma inkayenda mayendedwe a nkhalamba, pang'onopang'ono. Malizani adaipitirira, nabwerera, naipitiriranso.

"Fulumira, chonde! Kapena ungondiuza kumene ali, ndithamange!"

"Woperekeza satsogola ngati akuthawa mlendo," idatero ndodo. "Yendani pambali panga."

Akadatani? Kumene kudali bambo ake sankakudziwa. Adayenda pambali pa ndodo, mtima uli patsogolo, miyendo ili m'mbuyo.

Pamsuku ndodo idaima. Idalembalemba pansi.

"Pano mudabwerera ulendo woyamba," idatero. "Mutapita, mwini wanga adakhala pamuzu uwu. Padalibe womumvera, ndiye adauza ine. Adati: 'Ndodo yanga, ndimafuna kumuuza kuti m'maso mwanga mwalowa nkhungu. Mpini uja ndasema ndi zala zokha, maso sakuthandiza. Koma mwana ali ndi bango m'madzi. Tiye.'"

Malizani adakumbukira mabampu a mpini. Adakumbukira kansanza pachala. Adakumbukira mtondo.

"Agogo sankaona?" adafunsa Ndaziona ndi kamawu kakang'ono. "Ndipo ine ndinawaseka."

"Tonse tinaseka, mwana wanga. Iwo ankafuna kuti tiseke."

Go, go, go!
Pabwalo kuli bwino,
Panjira pali mawu,
Go, go, go!

Adatsikira kumtsinje. Madzi adali odzadza, akuthamanga pansi pa ulalo. Ndodo idafika pakati pa mtengowo, niima.

"Pano ndi pa ulendo wachiwiri. Mwini wanga sadawoloke choimirira. Adagwada, nandiluma m'kamwa, nakwawa ngati khanda. Atafika kutsidya adandilavula, nati: 'Ndodo yanga, chaka chino popalira ndadula chimanga, ndasiya udzu. Sindinathe kusiyanitsa. M'nkhokwe muli mbewa zokha, nazonso zikusamuka. Nkhuku ndadya leroyi ndi chakudya changa choyamba chidutsire dzana. Koma ndikadanena bwanji pabwalo paja? Mwana wanga ndi mkamwini. Eni mudzi akadati taonani, bambo ake abwera kudzapempha. Ndimati ndimuuze panjira, tili awiri.'"

Misozi ya Malizani inkagwera m'mtsinje. Adawoloka atagwiritsa miyendo ya mwana wake, akuyang'ana khungwa la ulalo, pamene mawondo a bambo ake adadutsa.

Ali kutsidya, Ndaziona adawerama, nayika pakamwa pake pakhutu la bambo ake.

"Ababa, kodi ndi chifukwa cha funso langa lija?"

Malizani adamutsitsa, nagwada kuti maso awo alingane.

"Ayi. Tandiyang'ana. Funso lako linali labwino. Mwana amafunsa, ndiyo ntchito yake. Ine ndi amene ndinkachita chinthu osachidziwa mutu wake, ndiye chitangogwedezeka pang'ono ndinachitaya. Mlandu ndi wanga. Wamva?"

"Ndamva."

"Kwera, tiye."

Go, go, go!
Pabwalo kuli bwino,
Panjira pali mawu,
Go, go, go!

Adakwera mtunda mpaka pamphambano. Ndodo idaima nthawi yaitali, osalemba pansi.

"Pano ndi pa dzulo," idatero. "Adati: 'Ndodo yanga, lero ndinapita kukamupempha kuti anditenge, ndizikhala pafupi naye. Ndatsanzika katatu. Sanadzuke. Si mwana woipa, ali ndi ntchito.' Kenako adazungulira, nazunguliranso, nati: 'Dzuwa ndikulimva pamsana, koma kwa ine kwada. Ndodo yanga, kumanja ndi kuti?' Ine ndine mtengo. Mwala ndimaudziwa, muzu ndimaudziwa. Kumanja sindikudziwa."

Ndipo ndodo idakhotera kumanzere.

"Kumbuna!" adalira Malizani. "Mayo, bambo anga!"

Adalowa m'thengo. Udzu udali wautali, wonyowa. Apa nthambi yothyoka. Apa phazi lotsetsereka. Apa thumba lachikopa, lakodwa pachitsamba. Patsogolo pang'ono, pakati pa kanjira ka nyama, masamba ovundikira adali atabooka, dzenje lili yasa.

Ndodo idafika m'mphepete mwa dzenjelo.

"Anandiponya kunja kusanache," idatero. "Anati: 'Pita kwa mwana wanga. Koma ukachite ulemu. Usakandichititse manyazi kwa eni mudzi.' Ndachita monga anandituma. Mwandiperekeza, zikomo. Ndafika."

Idagwa pansi, gwa! Kuyambira pamenepo sidalankhulenso.

Malizani adagona chafufumimba, nasuzumira. Mudali mdima. Pansi penipeni adaona dazi, ndi mapewa opindika, osagwedezeka.

"Ababa!"

Zii.

"Ababa, ndine Malizani!"

Zii.

Pamenepo Ndaziona adakwawira m'mphepete, nagwira malaya a bambo ake kuti asagwe, nakuwa ndi kamawu kake kotuluka ndi mphepo:

"Odi kunoo!"

Kenako dazi lija lidagwedezeka. Kuchokera pansi kudamveka mawu osasa, ofooka.

"Odini... Koma mphasa kulibe kuno, akazi anga. Mundikhululukire."

Malizani adaseka ndi kulira nthawi imodzi. Adamanga chingwe pamtengo, natsika. Mwayi wake mbunayo idali yakale, zisonga zake zidali zitadyedwa ndi chiswe. Nkhalamba idali yozizira ngati mwala wa kumtsinje, bondo litatupa, milomo itang'ambika. Malizani adaifungatira, naimwetsa thobwa pang'onopang'ono.

"Muli bwanji, ababa?"

"Ndili bwi..."

Nkhalamba idadukiza. Idakweza dzanja, nifufuza nkhope ya mwana wake, chipumi, mphuno, masaya onyowa.

"Kodi pano ndi pabwalo?"

"Ayi, ababa. Pano ndi panjira. Tili awiri."

"Ndiye sindili bwino, mwana wanga. Sindikuona. Ndili ndi njala. Ndipo usiku ndimaopa kukhala ndekha."

"Ndamva, ababa. Ndachedwa, koma ndamva."

Adawabereka kumsana, nawamanga ndi nsonga ya chingwe, nakwera nawo. Adali opepuka ngati mtolo wa bango louma. Ndaziona adatola ndodo ndi thumba, nasenza.

Pamphambano a Dzimbiri adamva kuti akutsikira kumtsinje.

"Iwe, kwathu si uku."

"Kwanu ndi uku tsopano."

"Nanga eni mudzi? Mkamwini sabwera ndi bambo ake kumsana ngati dowe."

"Akakana, ndimanga kanyumba panjira, tizikhala momwemo."

Koma atawoloka mtsinje ndi kuyandikira pamsuku, adamva mawu a anthu. Adali Nachisale, ndi alongo ake awiri atanyamula machira a nsungwi, ndi amalume aja, mwini mbumba. Adabwera kudzawachingamira.

Nachisale adagwada, koma ulendo uno sadagwade chapatali.

"Bambo, inenso ndili ndi mawu a panjira. Chala ndinachiona. Lamba ndinamuona. Za mtondo ndinazimvetsa. Koma ndinati mpongozi salowerera, ndinatseka pakamwa. Ulemu umenewo unali wa mantha. Mundikhululukire."

"Dzukani, mayi," idatero nkhalamba. "Nkhuku zanu ndi zimene zandisunga."

Amalume adatsokomola. "A Dzimbiri, ine khasu langa lili ndi mpini wanu, chaka chachisanu ichi sunaguluke. Kuseri kwa nkhokwe kuli malo. Mitengo tidula mawa. Ndipo iwe Malizani, mphasa yanga ija ndamva kuti pagona kale mlendo wa mphingo. Ipite m'nyumba ya bambo ako. Ine undisokera ina, ndipo usathamange nayo."

Nyumba idamangidwa. Bondo lidapola. Maso sadabwerere, koma zala zidali zikadali ndi nzeru, ndipo a Dzimbiri ankakhala pambali pa mwana wawo kung'amba bango, akumunyoza kuti amasoka ngati nkhuku ikupalasa. Ndodo idakhala ndodo basi. Ndaziona ankailonjera m'mawa uliwonse, koma sidayankhepo.

Patapita nthawi, mano a Ndaziona atamera, akuluakulu ngati a mbira, kudabwera mayi wina wa mudzi woyandikana nawo kudzafunsa mtengo wa mphasa. Adati kwawo kuli bwino ndithu. Atati "ndapita", Malizani adabaya singano pabango, nadzuka, namunyamulira dengu. Ndaziona adatsatira. Atayandikira pamsuku, Malizani adauza mwanayo kuti atsale pang'ono, atole masuku. Akulu awiriwo adaima patsogolo, nakamba nthawi yaitali. Mayi uja adapukuta m'maso ndi chitenje, kenako adapita akuyenda mopepuka.

Pobwerera, Ndaziona adafunsa, "Amati chiyani?"

"Amenewo ndi mawu awo. Andisungitsa."

Adayenda pang'ono. Malizani adamugwira dzanja.

"Ndaziona, ndili ndi yankho lako. Ndinati mawa, ndiye mawa lake ndi lero."

"Yankho la chiyani, ababa?"

"Unandifunsa kuti timaperekezeranji mlendo pamene njira akuidziwa. Njira amaidziwadi, mwana wanga. Osadziwa ndife, chifukwa sitidziwa chimene wasenza mumtima. Pabwalo pali makutu ambiri, ndiye aliyense amati kuli bwino. Timamuperekeza kuti tifike naye pamalo pamene angathe kunena kuti sikuli bwino."

Nanenso nthano yanga ndaiperekeza, ana inu, yafika pamphambano, ndipo ine ndabwerera pompano. Mlendo akati "ndapita", ika pansi chimene wagwira, udzuke.